Mafupa a Amayi ndi Dzanja Langa Lamanzere

Lachitatu, 6 Novembala

Dzanja lamanzere. Zilembo ngati popalasa nkhuku. Zilibe kanthu, wowerenga ndine ndekha.

Lolemba ndinagwa. Osati panjinga yamoto, osati pamakwerero ngati munthu waulemu wake. Ndinapunthwa pa kampando kapulasitiki ka makasitomala anga omwe, mbale ziwiri zili m'manja. Mbale zonse zinapulumuka. Mkono wamanja ndiwo unati thyo, pamwamba penipeni pa dzanja.

Zaka 34 ndikuphika pho pakona pa msika muno mu Nam Dinh. Mafupa a ng'ombe tsiku lililonse: kutsuka, kuwiritsa, kuyengula thovu, kuthira msuzi pa nudulo za mpunga. Munthu wodziwa mafupa m'tauni muno ndine. Lero langa lomwe landichititsa manyazi.

Chikhakha kuyambira m'zala mpaka pafupi ndi chigongono. Milungu isanu ndi umodzi. Chisanyowe. Kuchotsa pa 16 Disembala.

Amayi tikuwafukula pa 10 Disembala.

Zaka zinayi zakwana chiwaikire m'manda oyamba aja a m'munda wa mpunga. Yafika nthawi yowatulutsa, kutsuka mafupa, kuwayala m'kabokosi kadothi, n'kuwasamutsira kumanda okhalitsa pafupi ndi abambo. Wotsuka ndine. Anandigwira mkono womwewu kuchipatala, sabata yawo yomaliza: "Thoa, mafupa anga udzatsuke iwe ndi manja ako. Azibambo aganyu onunkha kachasu aja ayi. Mwamuna mmodzi anandigwirapo ndipo zinandikwana. Luot ayinso. Wamva? Luot asayerekeze."

Ndinalonjeza. Manja anali awiri nthawi imeneyo.

Lachisanu, 8 Novembala

Luot, mkazi wa mlongo wanga, wabwera. Sindinamuitane. Mlongo wanga Khoat anamutsitsa panjinga yamoto ndi chikwama ndi nkhuku yamoyo, n'kuthawa osazimitsa n'komwe injini. Bambo wa zaka 57 woopa mkazi wake ndi achemwali ake mofanana.

Mlamu wangayu anakhala nyumba imodzi ndi amayi kumudzi zaka makumi atatu. Zaka makumi atatu zokanganira mchere. Amayi ankamutcha Bakha chifukwa cha kayendedwe. Iye kumbali ankawatcha Mkulu wa Asilikali. Ine ndinkapitako pa Teti, chaka chatsopano, ndi tsiku lokumbukira abambo, n'kumva mbali ya amayi yokha. Inkandikwanira.

Mawu ake oyamba: "Alamu, malaya mwavala motembenuza." Masiku anayi! Msika wonse osandiuza.

Nkhuku ija waphika n'kudya yekha. Akuti wothyoka sadya nkhuku.

Diu anaimba kuchokera ku Taiwan. Foni ndinaigwira pafupi ndi mphuno, nkhope yokha. Akuti ndanenepa. Mwana wanga ali ndi zake: fakitale, kuima maola khumi, kontirakiti yotsala chaka chathunthu. Akamva akwera ndege, ntchito yathera pomwepo. Komanso mayi ake sathyoka. Ndamuuza Luot kuti Diu asamve. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupitiriza kukukuta mwendo wa nkhuku.

Lamlungu, 10 Novembala

Alendo tsiku lonse. Aliyense dokotala. Usadye nkhuku, usadye mpunga womata, usadye masamba a m'madzi aja, chipsera chidzatupa. Chipsera chiti? Fupa lili m'kati. Wogulitsa nkhanu akuti ndisinje nkhanu zam'munda ndi zigoba zomwe, ndithire m'kachasu wa mpunga. Nkhanu zake zomwe, ndithudi. Wogulitsa zofukiza akuti ndinakwiyitsa mzimu wa pakona, ndigule zofukiza.

Zinthu zosatheka ndi dzanja limodzi: kumanga tsitsi, kusenda lalanje, kufinya thaulo, kutsegula botolo la mapiritsi omwe andipatsa chifukwa cha dzanja lomwelo. Timitengo todyera kumanzere, nudulo zonse pamiyendo. Ndikudya ndi supuni ngati khanda.

Lachiwiri, 12 Novembala

Makina ena lero, oyezera kulimba kwa mafupa. Dokotala ndi mayi wamagalasi wosadziwa kuseka. Anandionetsa zithunzi ziwiri, fupa la munthu ndi langa. Langa ngati chinkhupule chotsukira mbale. "Ndi ofumbwa, amayi. Kugwa kotere sikuthyola fupa labwino."

Ndinamuuza kuti msuzi wa mafupa ndinayamba kumwa iye asanabadwe. Anati, "Msuziwo ndi wokoma, ndimadya kwanu. Koma kashiamu amatsala m'fupa mumaponyera agalu lija." Ndiye kuti agalu a pamsika ndi olimba kuposa ine. Zaka 34 ndikugawira agalu mankhwala anga.

Malamulo: mapiritsi aakulu ngati mazira a njiwa. Tofu wa soya, masamba obiriwira, tinsomba todya ndi minga yomwe. Mkaka (umanditsegula m'mimba, akuti ndiyese yogati). Kugwedeza zala. Dzuwa mphindi 20 m'mawa, mikono pamtunda. Ine amene moyo wonse ndabisala dzuwa ndi chipewa, chophimba kumaso, malaya a manja aatali.

Anafunsa ngati amayi anga anathyokapo. Ndinaseka. Amayi? Anasenza madengu a mpunga paphewa mpaka zaka 70. "Amathyoka ndi okhala pansi," ankatero. "Ine chibadwire ngakhale chikhadabo sichinathyokepo." Dokotala anafunsanso ngati anafupika atakalamba. Inde anafupika, nanga nkhalamba iti sifupika? Analemba kanthu pa pepala.

Pobwerera ndinalira kumbuyo kwa Luot panjinga, m'chisoti, poti sangaone. Manyazi basi. Mwana wa amayi aja kuthyoledwa ndi kampando.

Loweruka, 16 Novembala

Kumudzi, kwa mkulu wosankha masiku. Ndinatenga malalanje. Ndinapempha sabata imodzi yokha, asunthe pang'ono. Anatsegula buku lake, kuwerengera m'zala, chaka chobadwa amayi, chaka chobadwa Khoat poti ndiye mwana wamwamuna. Pa 10, ola la Kambuku, dzuwa lisanatuluke. Likadutsa limenelo tidikire zaka zitatu. "Akufa savala chikhakha, mayi. Sadikira." Malalanje anatenga.

Zaka zitatu sizingatheke. Manda oyamba madzi amalowa dzinja lililonse. Khoat akuti amayi anamubwerera kutulo ali chinyowere, n'kumufunsa ngati akudikira kuti mpunga uwamere m'makutu. Ndakhulupirira. Mawuwo ndi awo ndithu.

Nzeru za Khoat: "Achemwali, masiku ano aliyense amalemba aganyu. Ena akungowotcha maliro kumene, za kufukula anasiya." Ndinamufunsa ngati akufuna kutsuka yekha, poti mwamwambo ntchitoyi ndi ya mwana wamwamuna. Anatuwa. Munthu wotuluka panja mkazi wake akamatumbula nsomba.

Ndinaima pamanda. Zofukiza kumanzere, Luot kuyatsa machesi. Ndinawauza amayi kuti ndibwera ndi manja awiri, asadandaule. Sanayankhe. Koyamba chibadwire changa.

Lachitatu, 20 Novembala

Luot watsegula malo anga. Sindinamupemphe, koma makasitomala anayamba kulowera kwa mnzanga wa kutsidya kwa msewu, wophika msuzi wa m'paketi uja. Ndinakhala pa kampando komwe kanandithyola, kumuyang'anira. Shuga amachulutsa. Jinja amawotcha mopitirira. Bambo wokonza mawotchi, kasitomala wanga wa zaka makumi awiri, anamwa msuzi mpaka kupendeketsa mbale, n'kunena kuti, "Lero ndiye mwaphika, mayi Thoa." Makolo ake amuone.

Mphindi 20 pakhonde, mikono padzuwa ngati buluzi. Odutsa kufunsa ngati ndinagundanso mutu.

M'chikhakha mukuyabwa koopsa. Kamtengo kodyera kamafika, koma kakuda kamodzi kathyokera momwemo.

Luot wandisambitsa mutu lero. Jumbo pa chikhakha, labala pamwamba. Manja ake akudziwa ntchito: madzi osalowa m'khutu, chikhatho kuseri kwa khosi. Kumanga kamisolo, kukoka buluku, zonse osandiyang'ana kumaso, kuti ndisachite manyazi. Zimenezo ndiye zandikwiyitsa kwambiri. Ndinamufunsa kuti anaphunzirira kuti. "Pa njati yolimira ya kumudzi," anatero.

Masiku 20 atsala. Fupa silikudziwa kalendala.

Lamlungu, 24 Novembala

Ndachita chinthu.

Anandiuza ndi wogulitsa nkhanu. A Tuat, kutsidya kwa mtsinje, omanga mafupa ndi masamba. Bambo awo ankamanga, agogo awo ankamanga. Masiku khumi, fupa gwa. Luot ndinamuuza kuti ndikupita kukachisi.

A Tuat ndi nkhalamba ya mano atatu. Pabwalo anthu asanu, wina mwendo, wina phewa, onse akuwatamanda. Anagogoda chikhakha ngati akusankha chivwende. "Simenti ndi ya nyumba, mwana wanga. Fupa limafuna kupuma." Anadula ndi sizasi yosadzira maluwa. Mkono unatuluka wowonda, wotuwa, wonunkha, ngati wa munthu wina. Kamtengo kodyera kaja kanagwa pansi, onse kuseka.

Mankhwala: masamba asanu ndi awiri osatchulidwa mayina, kachasu wa mpunga, ndi kamwanapiye kamodzi. Kamoyo. Mumtondo. Ndinayang'ana kudenga n'kumawerenga malata. Kenako kumata, nsungwi zinayi, nsalu. Kukufunda bwino, kunena zoona. Ndimasule pa 4 Disembala. Kutsala masiku asanu ndi limodzi oti dzanja lizolowere.

Nditafika, Luot anayang'ana nsungwi, n'kuyang'ana ine. Ananunkhiza. Anakhala pansi. "Fupa lokakamiza limaswa mphika, alamu." Kundiuza ine za mafupa ndi miphika!

Lachisanu, 29 Novembala

Zala zikugwedezeka bwino. Mkono wopepuka. Vuto ndi fungo, amphaka atatu akunditsatira mpaka kuchimbudzi. Khungu lafiira, matuza awiri. A Tuat pafoni akuti ndi zoipa zikutuluka. Mapiritsi a dokotala ndasiya, ndikumwa nkhanu za m'kachasu. Zimakoma kuposa mapiritsi ndipo tulo timabwera.

Luot sakundilankhula, amangondiikira chakudya. Tofu, tofu, tinsomba, tofu.

Diu: "Amayi, bwanji masiku ano mumangondionetsa mphuno?" Ndinati foni yakalamba. Kabokosi ka agogo ake wasankha yekha pa intaneti, ka zinjoka zojambula. Akudandaula kuti sadzakhalapo. Anafunsa ngati sindikuopa kugwira mafupa a munthu. Ndinati mafupa ndi ntchito yanga. Anati, "Inu ndi agogo ndinu amodzi, simugwedezeka." Ndinakondwa tsiku lonse. Chitsiru.

Ndaganiza zoyesera. Mafupa a ng'ombe ndi olemera kuposa a munthu. Ndikatsuka beseni limodzi la ng'ombe ndiye kuti a amayi ndi masewera.

Lachisanu, 6 Disembala

Sabata yathunthu osalemba. Chifukwa chake chagona pa pilo apa, chokutidwa mpaka kupitirira chigongono.

Lolemba, Luot atapita kukagula anyezi, ndinamasula nsungwi. Kunali kutatsala masiku awiri. Beseni, burashi, mafupa a miyendo ya ng'ombe. Loyamba bwinobwino. Ndinayamba n'kuimba komwe. Lachiwiri linaterereka, ndinaliwakha ndi dzanja lamanja osaganiza. Phokoso lake sindidzaliiwala. Dzanja linakhota ngati foloko.

Dokotala sanakalipe. Bola akanakalipa. Ananunkhiza mkono n'kufunsa, "Nkhuku kapena nkhanu?" Ndinati zonse. "Mwezi uno ndinu wachitatu." Opaleshoni Lachitatu. Kachitsulo ndi timisomali tisanu m'fupa, zokhalamo mpaka kalekale. Chikhakha chatsopano, milungu isanu ndi itatu. Akuti mwina dzanjali silidzapindikanso ngati kale. Chipande ndidzachigwira bwanji, sindinafunse.

A Tuat pafoni: ndinamasula msanga, komanso ndiyenera kuti ndinadya mpunga womata. Mbali yoyambayo sakunama. Kamwanapiye kanafera zachabe.

Luot anakhala pa mpando wa m'wodi masiku awiri. Mankhwala ali m'mutu ndinamugwira malaya: lumbira, Diu asamve. Anaseka. Kuseka kwenikweni, mpaka kupukuta misozi, anamwino kutembenuka. "Magazi ndi magazi," anatero. Sindinamvetse, ndipo sindikanadzitsitsa kufunsa Bakha.

Masiku anayi. Dzanja limodzi. Amayi, ndakulakwirani.

Lolemba, 9 Disembala, kumudzi

Nyumba ya amayi. Chisanu, kamvula kowaza. Kabokosi kadothi kafika, zinjoka zake ngati milamba yokwiya. Nsalu yofiira. Miphika itatu ya madzi otsukira: makungwa onunkhira, masamba a manyumwa, jinja, kachasu. Ndinalawa ndi chala mwachizolowezi. Mchere wachepa.

Aganyu awiri akumba mpaka pa chivundikiro cha bokosi, atchinga tenti pamwamba. Dokotala akuti mafupa anga akufuna dzuwa, a amayi sayenera kuliona ngakhale pang'ono. Banja lathu ndi lotero.

Khoat ananong'oneza aganyu kuti akonzeke kutsuka okha. Ndinamva. Ndamuuza kuti akangoyerekeza ndidzamubwerera kutulo ndikanali moyo.

Ndayesera pa kapu. Burashi kumanzere, kapu patebulo. Kapu imathawa. Kuipana ndi maondo, imazungulira. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, inde, koma chala chachiwiri ndichitenga kuti? Khoat ndi Khoat. Aganyu analetsedwa. Luot analetsedwa, ndipo mwini wake akudziwa, anali pakhomo la wodi pomwe amayi ankanena. Wandimanga majumbo awiri pa chikhakha, n'kundiveka jekete la amayi poti langa mkono sukulowa.

Likununkhirabe mafuta awo opaka m'maondo.

Lachiwiri, 10 Disembala, masana

Zatha.

Atangotsegula bokosi, Khoat anati "Amayi" kamodzi n'kugwa chagada m'matope. Anamukokera pamtunda ngati thumba la feteleza. Mwana wamwamuna, mutu wa banja.

Aganyu ankangotola n'kuika m'beseni, monga ndinalamulira. Zovala za nayiloni zili bwinobwino, eni ake atha. Sindinaope. Ndinangoona kuchepa kwake. Mkulu wa Asilikali yense uja, beseni limodzi.

Mutu choyamba. Ndinaupana ndi maondo, burashi kumanzere. Unaterereka. Mutu wa amayi anga, ulendo wa kungalande. Luot anauwakha ndi manja awiri usanafike pansi. Tinayang'anana. Kenako anagwada m'matope, mutu uli m'manja, n'kuulankhula maso ndi maso: "Mayi, ndangogwira. Kugwira si kutsuka. Musayambe." Aganyu anaseka. Inenso ndinaseka, mamina ali chuchuchu.

Tinatero basi. Iye kugwira ndi kutembenuza, ine kutsuka. Madzi oyamba, achiwiri, achitatu. Kupukuta, kuyala m'kabokosi, chilichonse pamalo pake.

Kupepuka kwake! Fupa la ntchafu lopepuka kuposa chipande changa. Mafupa ndimawadziwa m'dzanja ndisanawaone n'komwe. Awa anali chinkhupule, ngati anga a pa chithunzi. Timafupa titatu ta msana tophwatalala. Kufupika kuja.

Kenako magolovesi. Poika maliro womwalira timamuveka magolovesi ndi masokosi a nayiloni, kuti timafupa ta zala tisadzabalalike m'matope. Anawaveka ndi Luot, ine ndili kalikiliki ndi alendo. Anakhuthulira golovesi lamanja m'mbale, timafupa tonse tilipo. Ndiye anatola fupa la mkono. Sanaligwire kuti nditsuke. Analiika m'dzanja langa n'kunditseka zala.

Mfundo. Yaikulu ngati ya nsungwi, pamwamba penipeni pa dzanja. Linathyoka, n'kulumikizana mokhota. Malo omwewo pomwe ine pali kachitsulo.

Nthiti ziwiri, mfundo. Fupa la paphewa, mfundo.

Luot ankatchula ngati mayina a ana ake. "Ili ndi pachitsime, chaka chomwe Diu ankalemba mayeso. Izi anatsetsereka pamasitepe a kachisi. Ili sanagwe n'komwe, anangonyamula ndowa." Miyezi itatu ya mkono uja ankawadyetsa, kuwasambitsa, kuwapukuta akachoka kuchimbudzi. Njati ya kumudzi ija. Anamanga ndi a Tuat omwewa. Kamwanapiye kena.

Chaka chimenecho ndikuchikumbuka. Amayi anandiuza pafoni kuti ndisabwere, kumudzi kwagwa matenda a nkhuku. Ndinakondwa, malonda ankayenda. Pa Teti ndinawapeza atavala malaya a manja aatali, akuthira tiyi ndi kumanzere. Ndinkayesa ndi matama.

Amayi anamulumbiritsa Luot. "Thoa asamve. Amandiyesa chitsulo. Pakhale munthu mmodzi wondiyesa chitsulo."

Kunja kwa tenti kunayamba kuyera, aganyu kutifulumizitsa. Ndinafunsa Luot kuti nanga bwanji iweyo anakuletsa. Anayankha osasiya kutembenuza nthiti. Akuti tsiku lomwe lija, ine nditatuluka m'wodi, anamuitana: "Iwe wandisambitsa kokwanira, Bakha. Ulendo uno abwere mwana wangayo adzaone yekha, ine ndili koti sangandifunse mafunso."

Ndinawatukwana amayi anga. Pamanda, pamaso pa aganyu, mkono wawo uli m'dzanja langa. Abodza, nkhalamba yabodza, zaka khumi ndi zitatu! Kenako ndinampatsa Luot kuti agwire, n'kutsuka pamfundo paja pang'onopang'ono, kanayi, ngakhale mwambo umati katatu.

Tinatseka dzuwa lisanatuluke. Khoat anatsitsimuka nthawi yabwino yolira.

Lachinayi, 12 Disembala

Kwathu. Amayi ali pouma, pafupi ndi abambo. Abambo apirire, anapuma zaka makumi awiri.

Luot akhala kuno mpaka Teti itapita. Ndamuuza kuti shuga achepetse. Wakana. Dzulo mwangozi ndinamuitana kuti mng'ono wanga. Anafunsa ngati mankhwala akundizunguza mutu.

Dzira la njiwa lija ndameza, ndi yogati, ndi tinsomba. Kachasu wa nkhanu ndathira m'ngalande. Mphindi 20 pakhonde, Luot pambali panga, mikono pamtunda, abuluzi awiri. Nayenso zaka 55. Lolemba ndimukokera ku makina aja, afune asafune.

Wachitsulo weniweni m'banja muno ndine tsopano, cha timisomali tisanu. Sichikundithandiza kutsegula botolo.

Funso la dokotala lija silikundichoka. Amayi anu anathyokapo? Ndikanadziwa ndili ndi zaka 48, kaya ndikanameza mapiritsi, kaya ayi. Koma ndikanadziwa. Tsiku lina dokotala wina adzafunsa Diu. Zaka 31, fakitale yopanda mawindo, khofi ndi nudulo za m'paketi. Ndipo adzaseka ngati ine.

Kapena adzazionera yekha m'beseni, atagwada m'matope, kachitsulo kali phuliphuli, ine ndili koti sangandifunse mafunso.

Lero Diu sali kuntchito, aimba 4 koloko. Foni ndaitsamiritsa pa botolo la msuzi wa nsomba, kumapeto kwenikweni kwa tebulo. Luot wasuzumira, akuti chikhakha chonse chikuoneka mpaka chigongono, ndipo ndipese tsitsi. Jekete ndavula. Ndikuopa kuposa dzana.

Foni ikulira